Botolo la Chidede

Nedson ankakhala ku Kawale m'kachipinda ka lendi kodontha, iye ndi mkazi wake Lena ndi kamwana kawo Keziah. Ntchito yake inali ya zisudzo, koma m'mafilimu onse amene ankajambula Ephraim, mwini kamera, gawo lake linali limodzi: mtembo. Ankamugoneka m'fumbi, Lena n'kumuthira pachifuwa madzi a chidede owiritsa ndi shuga kuti aoneke ngati magazi, pakuti imeneyo ndiyo inali ntchito ya mayiyu pagululo. Ntchentche zinkamudziwa Nedson kuposa oonera.

Mnzake Shepherd ndiye ankapatsidwa magawo aulemu. Nkhope yake inali pa kanema sabata ndi sabata, atsikana n'kumamuimitsa pamsewu. Ana a masiku ano njala amapirira, koma kuona mnzawo akuwomberedwa m'manja sapirira.

Tsiku lina masana Nedson anapita ku Mgona kwa a Laws, bambo wokonza mawailesi amene kuseri kwa shopu yawo ankakonzanso zina.

"Ukufuna chuma kapena dzina?" anafunsa a Laws, maso ali pa wailesi.

"Zonse, bambo."

"Onse amatero. Ntchito yako n'chiyani?"

"Kunamizira. Timamenyana mwabodza, kufa mwabodza."

"Ndiye bodzalo undisiyire ine." A Laws anatulutsa chibangili cha chikopa chakuda n'kumumanga padzanja. "Gawo limene akupatsa usakane. Kamera ikayaka, dzanja lako lisaname. Ukamenya umenyedi, ndipo magazi a womenyedwayo upake apa."

"Nanga a chidede?"

"Ichi sichimwa chidede. Ngakhale magazi ako sichimwa. Tsiku limene udzachinamize, chidzatunga chokha."

Sabata yomweyo wosewera gawo la chigawenga anadwala, Ephraim n'kuloza Nedson. Womenyedwa anali Shepherd. Mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti chibakera chimadutsa pambali pa tsaya, wina kuseri n'kuwomba m'manja kuti phokoso limveke. Cha Nedson sichinadutse pambali. Mano akutsogolo a Shepherd anagwera m'fumbi, ndipo Ephraim sanazimitse kamera.

"Aise, wandipweteka," anatero Shepherd, magazi ali chuchuchu.

"Pepa, dzanja linaterereka," anayankha Nedson, akumupukuta pakamwa ndi chibangili chija.

Filimuyo anthu anailimbirana ngati chimanga cha mu Febuluwale. Anamupatsa dzina loti Chiphaliwali, a kanema n'kumutenga m'sewero lalitali, wojambula akadali Ephraim. Anamanga nyumba ya mpanda ku Area 25, nagula galimoto imene inkawaza matope akuluakulu amene anamuona akukwawa, iye osatsitsa ngakhale galasi kuti apereke moni.

Koma ludzu la chibangili linkakula. Chitalawa mano chinafuna nthiti, kenako diso la munthu. Akachedwa kuchimwetsa chinkafinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Osewera anzake anathawa. Ephraim, poona kuti magazi ali ndi malonda, anayamba kutola aganyu a pamsika, amphawi oti akathyoka mkono palibe wowafunsira. Lena ankabwerabe ndi botolo lake la chidede, n'kumabwerera nalo kunyumba lodzaza. Mumtima ankati mwamuna wake ndi waphuma chabe.

Linafika tsiku lojambula mathero a sewero lija, pamene Chiphaliwali amatema mkazi wake ndi chikwanje. Mtsikana wosewera gawolo sanabwere. Anali atamva za diso lija.

"Alamu, talowani inuyo," Ephraim anauza Lena. "Mungogwada, akatema n'kugwa chafufumimba basi, msana wokha ndiwo uoneke."

Lena anaseka. "Ine pa kanema? Chabwino. Bambo a Keziah sanandimenyepo chikwatiranireni, sangayambe lero."

Nedson anaima ndi chikwanje cha thabwa chopaka utoto wasiliva, chibangili chikufinya. Kukana gawo kunali koletsedwa. Kutsitsa thabwa lolemeralo pakhosi pa Lena kunali kumuthyola. Ndiye anaganiza ngati wa zisudzo: munthu amene ankafa m'fumbi oonera n'kumalira, angalephere kupusitsa kachikopa? Anazemba kupita kuseri kwa nyumba, anadzicheka chikhatho ndi lezala, magazi akewo n'kupaka pachibangili.

Kamera inayaka. Anakweza chikwanje, nachitsitsa ndi mkuwo, nachiimitsa pamwamba pa khosi. Sichinakhudze ngakhale tsitsi. Lena anagwa chafufumimba monga anamuuzira.

"Zatheka," anatero Ephraim, anthu n'kuwomba m'manja. "Koma alamu, chidede mwachulutsa. Taonani chikufika kuno kumapazi."

Lena sanadzuke. Botolo lake linali pakhonde, lotseka, lodzaza. Atamutembenuza anapeza khosi lotemeka mpaka pafupa, ngati la mbuzi ya pa Khirisimasi. Chibangili chinali chitamasuka padzanja la Nedson, chonyowa, chofunda.

Kamera inaona dzanja lake likutsika, ndipo apolisi anakhulupirira kamera. Koma kundende Nedson sanakhalitse, mutu unali utasokonekera. Nyumba ndi galimoto zinapita, Keziah anatengedwa ndi akuchikazi ku Ntcheu, a Laws anasamuka osatsanzika. Lero mukadutsa pa Biwi mumupeza, wa nsanza, atanyamula kathabwa. Amakweza, amatsitsa, amaimitsa m'malere, n'kufunsa odutsa: "Sindinamukhudze, eti? Mwaona nonse, sindinamukhudze."

Inu othamangira kutchuka, amene nkhalamba ikamalankhula mumayang'ana pafoni, imvani: chuma cha mankhwala chimayamba kudya kwa eni, koma chimakhutira m'nyumba mwako. Nedson akanapirira kukhala mtembo wabodza, bwenzi lero akudzuka m'fumbi, kudzikuntha, n'kupita kwawo ndi mkazi wake. Dyera linamupatsa mtembo wosadzuka.