Chala cha a Yobu

Khamisi anayamba kudabwa Lolemba m'mawa, atapeza utomoni wa fodya pagalasi la kamakina kodindapo chala. Kamakinako ankakatsekera m'kabati madzulo aliwonse, kiyi n'kugona naye m'thumba.

Chiphatikizireni mabanki awiri aja kukhala imodzi, nthambi ya ku Chamama inatsekedwa, ati sinkapindula, ngati kuti fodya amalimidwa m'tauni. Alimi onse anatsala ndi golosale ya Khamisi, ejenti wa bankiyo. Lamulo latsopano linkati munthu amene makina sanavomere chala chake asapatsidwe ndalama, ngakhale utakula naye mudzi umodzi.

Lachitatu a kubanki anaimba foni.

"Bambo Khamisi, makina anu akugwira ntchito usiku. Akaunti ya Yobu Mphepo yayesedwa masiku atatu otsatizana. Zikachitikanso tikulandani makinawo."

A Yobu anaikidwa m'manda mwezi wathawo. Zala zawo zinali zitasalala ndi zaka makumi atatu zosoka fodya, ndipo tsiku lomwe anabwera akutsokomola, kufuna ndalama zawo zopitira kuchipatala, kamakina kanawakana.

"Mwana wanga, ine sukundidziwa?" anafunsa tsikulo. Khamisi anangoloza chikalata cha lamulo pakhoma.

Usiku wa Lachitatulo anagona m'golosale momwemo, atachotsa batire, kamakina atakakumbatira pachifuwa. Popanda ntchito ya bankiyo, sopo ndi mchere sizikanadyetsa ana anayi. Magetsi anali atazima, mdima wa ndiweyani. Agalu a kumsika anauwa kanthawi, kenaka onse anangoti zii. Pang'onopang'ono m'nyumbamo munadzaza fungo la fodya wa m'chigafa, ndipo kuseri kwa kauntala wina anatsokomola chifuwa chouma. Khamisi anakumbatira kamakina kaja mwamphamvu.

"A Yobu," ananong'ona, "si ine ayi. Ndi lamulo."

Chinthu chozizira chinangomugwira dzanja lamanja mofatsa, ngati moni wa pamaliro, n'kumufinya chala chachikulu. Kamakina kopanda batire kanayaka mobiriwira, n'kulira kamodzi kulira kovomera.

Kutacha, mzere wa alimi unali utafika pamsewu, poti ndalama za fodya za ku okushoni zinali zitalowa. Khamisi anabwezera batire, naika chala chake kuti atsegule kamakinako, pakuti lamulolo silinkasiya ndi ejenti yemwe. Kanamukana. Anapukuta chalacho pamalaya, nayesanso, anthu akung'ung'udza panja. Kanamukananso.

Anatuluka pakhonde n'kuchiyang'ana padzuwa. Chinali chosalala ngati nyemba yonyowa, chopanda mzere ndi umodzi womwe.