Kababu ka M'thumba

Sayankha ankasita malaya a malume ake pang'onopang'ono, kubwereza kolala yomweyo, ngati simbi ingathe kuchedwetsa usiku. Dzinali anamupatsa ndi malume akewo, poti mnyamatayu ukamufunsa kanthu ankangoyang'ana pansi mpaka wofunsawe uiwale funso lako.

"Malaya amodzi mpaka kuche? Siya zimenezo, pita ku galaja," anatero malumewo.

Malume ake ankagula magalimoto akale n'kumagulitsa. Mawa lake kunkabwera namwino wina kudzatenga galimoto yoyera, yoti azipitira kuntchito n'kumaperekezera ana ake kusukulu. Koma galimotoyo inali ndi kanyali kachikasu ka injini kamene kanakaniratu kuzima. Masana malumewo anachotsa waya wa batire, n'kudikira, n'kubwezeretsa. Kanazima, koma asanafike n'komwe pageti kanayakanso. Anabwereza, chimodzimodzi. Makaniko anawauza kuti kanyaliko sikakunama: injini ikumadula yokha, ndipo ikadzazima pamtsetse mabuleki adzauma ngati mwala. Malume anangoti makaniko onse ndi aneneri a tsoka. Iwo anali ndi nzeru yawo yakale, yoti kanyali kakakana kuzima umachotsa babu yake. Koma zala zawo zinali zitanenepa, sizinkalowanso kuseri kwa dashibodi. Za Sayankha zinali zoonda.

Anapita, ndipo ntchitoyo sinavute n'komwe. Kuphweka kwakeko ndiye kunamuwawa. Ataliza injini, dashibodi inali bii, ngati ya galimoto yopanda chilema. Anakumbukira momwe namwino uja anamuthokozera dzulo pomutsegulira geti. Kababuko sanakataye, anakaika m'thumba la buluku, n'kukiya galaja, n'kuyamba ulendo wobwerera anthu onse atagona.

Msewu wa kunyumba umatsetsereka mpaka pamlatho. Ali pakati pa mtsetsewo, anaona galimoto itaima kumapeto kwa mlatho, chitseko chili chotsegula. Popita ku galaja sanaione. Ankafuna kungodutsa.

"Achimwene, tandiunikirani kuno."

Mawuwo anali aulemu, a munthu wotopa. Pampando wa dalaivala panakhala bambo wovala jekete ndi magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Manja onse anali pachiwongolero. Sayankha anayatsa tochi ya foni, n'kuyandikira.

"Pondigulitsa anandiuza kuti chikavuta, kanyali kayaka," anatero bamboyo, maso ali padashibodi. "Ndiye ndikudikira. Kayaka kodi? Maso angawa saonanso bwino."

Sayankha anasuzumira. Pamalo pa kanyali ka injini panali mdima. M'galimotomo munkanunkha matope. Dashibodi inkadontha madzi... tho... tho... Mvula inali isanagwe chaka chimenecho. Pakiyi pankalendewera kalabala kofiira, konga komwe malume ake amapatsa aliyense wogula galimoto kwa iwo.

Anayang'ana pansi, monga mwa chizolowezi chake. Nsapato za bamboyo zinali m'madzi. Phazi lamanja linali pabuleki, likuponda, kusiya, kupondanso.

"Yauma," anatero bamboyo. "Buleki yauma. Koma kanyali sikanayake ayi."

Kenako anatembenuka. Kuseri kwa magalasi kunalibe chophethira.

"Kapena kali ndi inuyo?"

Ntchafu ya Sayankha inayamba kutentha. Anayang'ana thumba lake. Kuwala kwachikasu kunkatulukira pansalu ya buluku. Kababu kopanda waya, kopanda batire... kakuyaka!

Anathamanga. Kumbuyo ankangomva buleki ikupondedwa. Gu... gu... gu... Sanacheuke mpaka pakhomo.

Anapeza malume ake akadali maso, akumwa tiyi, ndipo akazi awo, amene iye ankawatchula azakhali, akupinda malaya aja.

"Akuthamangitsa ndi agalu kapena ndi mtsikana?" anaseka malume. "Wachotsa?"

Sayankha anafotokoza ali wefuwefu, mawu ambiri kuposa amene anayankhulapo m'nyumbamo mwezi wonse. Ananena za galimoto ya pamlatho, za madzi, za kalabala kofiira. Atatchula magalasi omanga ndi ulusi, azakhali anasiya kupinda, n'kukhala pansi.

"Ameneyo ndi mphunzitsi uja," anatero motsitsa mawu. "Anagwera mumtsinje pamlatho pomwepo, iwe ukadali ku pulayimale. Galimoto anali atangoigula kuno. Ine kumaliro ndinapita. Amalume akowa anadwala mutu tsiku limenelo."

Malume anati munthuyo ayenera kuti anali ataledzera. Azakhali anawayankha kuti mphunzitsiyo mowa sankaudziwa ndi fungo lomwe. Malume anaika kapu ya tiyi patebulo.

Sayankha anapisa dzanja m'thumba. Kababuko kanali katazima, koma kanali kofundabe. Anakaika pafupi ndi kapu ija. Kenako anachita chimene anali asanachitepo chibwerere m'nyumbamo: anawayang'ana malume ake m'maso.

"Amalume, mwandilera, mwandiphunzitsa, ndipo sindinakuyankhenipo. Koma mawa m'mamawa kababuka ndikukabwezeretsa. Mayi aja akabwera akapeze kakuyaka, ndipo akafunsa ndiwauza zimene ananena makaniko. Ngati mukufuna kachotsedwenso, mukachotse ndi zala zanu. Pobwerera mudzere pamlatho. Alipo amene akukudikirani ndi funso."