Fodya pa Mawindo

Tryphena anali ndi nkhuku imodzi yokha. Dzina lake linali Mawanga. Tsiku lina vumbwe anagwira Mawanga. Panangotsala mazira atatu. Tryphena analira kwambiri.

"Pukuta misozi, mwana wanga," anatero amayi ake. "Tiye nawo ku kalabu."

M'nyumba ya kalabu ya alimi ku Magodi munali bokosi lofungatira mazira. Bokosilo linkayendera magetsi. Magetsiwo ankachokera m'mawindo!

"M'mawindo, amama?" anafunsa Tryphena.

"Eya," anayankha amayi. "Galasi ili ligwila kuwala kwa dzuwa. Likutumiza m'mphepete. M'mphepetemo muli tumasola tung'onotung'ono. Ndiye tumene tudzaza batile."

Tryphena anaika mazira ake m'bokosi. Kanyale ka pabokosi kanayaka kobiriwira. Tsiku ndi tsiku iye ankabwera kudzaona. Lolemba, kobiriwira. Lachiwiri, kobiriwira. Masabata awiri anatha, kobiriwirabe.

Koma m'mawa wina kanyale kanali kofiira. Batire inali kutha. Mazira akazizira, anapiye saswa.

Tryphena anayang'ana nthambo ya magetsi. Inali bwinobwino. Anayang'ana panja. Dzuwa linali phwee! Nanga bwanji m'nyumba munali mdima?

Tryphena anathamangira pakhonde. Ha! Fodya! Fodya pawindo ili, fodya pawindo ilo. Masamba anali lendelende ngati zovala pachingwe.

Pansi pake panakhala malume ake, a Haswell. Ankasoka fodya wina, uku akuimba mluzu.

"Mwauka uli, asibweni?" anapereka moni Tryphena. "Fodya uyu ndi wanu?"

"Ndi wanga, mwana. Chigafa changa chadzaza. Pano pali mthunzi wabwino."

"Koma mwatseka magetsi!"

A Haswell anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Iwe, sola ikhala pa denga. Apa ndi pa windo chabe."

"Yang'anani pa denga, asibweni."

A Haswell anayang'ana. Malata okhaokha. Tryphena anawagwira dzanja. Anawaonetsa m'mphepete mwa galasi. Anawaonetsa kanyale kofiira. Anawaonetsa mazira atatu a Mawanga.

Mluzu unathera pomwepo. "Mayo ine! Ndapha adzukulu!" anafuula a Haswell.

Anatola chipewa. Anapachula fodya msangamsanga. Fodya paphewa, fodya pamutu, fodya m'khwapa. Ankangooneka mapazi okha! Tryphena anapukuta magalasi ndi kansalu.

Dzuwa linalowa m'nyumba. Anadikira. Anadikirabe. Masana kanyale kanayaka kobiriwira.

Patapita masiku asanu, Tryphena anabwera ndi amayi ndi malume. M'bokosi munamveka, "Piyo! Piyo!" Kamodzi. Kawiri. Mazira awiri anali ataswa, koma dzira lachitatu linali zii. Kenaka linang'aluka.

Kanatuluka kamwanapiye konyowa. Kanali ndi timadontho takuda pamsana.

"Amama, onani!" anakuwa Tryphena mosangalala. "Kafanana ndi Mawanga!"

A Haswell anavula chipewa. Munalowa anapiye atatu, ulendo wa kunyumba.