Angel Ayeza Kukamwa kwa Nsomba

Angel ankakhala ku Chitawira ndi amayi ake. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Analinso ndi thanki ya galasi. Inali yaing'ono. Inkakwana pampando.

M'thankimo munali madzi. Munali mchenga. Munali zomera zobiriwira. Munalinso tishirimpi tisanu.

Tishirimpi ndi tizilombo ta m'madzi. Ndi tofiira. Tili ndi ndevu zazitali. Tili ndi miyendo yambirimbiri. Kamodzi kamatalika ngati chikhadabo cha amayi.

Tishirimpito anamupatsa ndi a Indira. A Indira ali ndi shopu ku Limbe. Amagulitsa nsomba zoweta. Amayi a Angel amagwira ntchito mushopumo.

Kashirimpi kamodzi kanali kofiira psuu. Angel anakatcha Tsabola. Tsabola anali ndi mazira pansi pa mimba. Anali mazira achikasu, ang'onoang'ono.

Angel ankafuna nsomba. Ankafuna kuti tishirimpi tikhale ndi neba. Koma ankafuna neba wabwino.

"Uyambe wayang'ana kukamwa kwake," a Indira anamuuza. "Nsomba imameza chilichonse cholowa mkamwa. Ana a Tsabola adzakhala ang'ono kuposa njere ya mpunga."

Angel sanaiwale mawuwo.

Lachisanu kunabwera amalume a Jailos. Anachokera ku Bangula. Iwo ndi asodzi. Anafika ndi chigubu m'manja. Njira yonse anachiika pamiyendo. Kondakitala wa minibasi analankhula mpaka anatopa, iwo osachiika pansi.

"Ndamva kuti ukufuna nsomba," amalume anatero. "Ndakubweretsera. Ndagwira ndekha mu Shire."

Angel anagwada. Analandira ndi manja awiri. Anasuzumira m'chigubu.

Munali kamlamba. Kanali kakuda. Kanali ndi ndevu. Nanga kukamwa? Ayi ndithu, kukamwa kunali kochokera uku mpaka uko.

Angel anachita mantha. Anaganiza za Tsabola. Anaganiza za mazira aja.

"Bweretsa tithire m'thanki," amalume anatero. Anatenga chigubu. Anapita pathanki.

Amayi ananong'oneza Angel. "Usakane, iwe. Amalume ako achokera nayo kutali."

Angel ankawakonda amalume ake. Sankafuna kuwakhumudwitsa. Koma anakaima kutsogolo kwa thanki. Iye sanasunthe.

"Amalume, zikomo kwambiri," anatero Angel. "Nsombayi ndaikonda. Koma dikirani kaye. Ndiyeze kukamwa kwake."

"Uyeze chiyani?"

"Kukamwa kwake, amalume. Musathire. Ndikubwera."

Angel anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi beseni la madzi. Anabweranso ndi mpunga wotsala wadzulo. Anathira kamlamba m'beseni.

Anaponyamo njere imodzi. Kamlamba kanameza.

Anaponyamo yachiwiri. Kanameza.

Anaponyamo zitatu nthawi imodzi. Kanameza zonse. Kanayang'ananso mmwamba, kudikira zina.

"Zakwana zisanu," anatero Angel. "Tishirimpi tanga tiliponso tisanu. Ndipo ana a Tsabola adzakhala ang'ono kuposa njerezo."

Amayi anayang'ana pansi.

Amalume anawerama pathanki. Anaona Tsabola. Anaona mazira pansi pa mimba. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mlamba ndimaudziwa ine," amalume anatero. "Umadya ngakhale sopo." Kenaka anaseka. Anaseka mpaka misozi. "Ndiye neba wabwinoyo timupeza kuti?"

"Ku Limbe, amalume."

Loweruka onse atatu anakwera minibasi. Angel anatenga njere imodzi ya mpunga. Anaiika m'kabokosi ka machesi. Kabokosiko anakagwira mwamphamvu mpaka ku Limbe.

Mushopu ya a Indira munali mathanki ambiri. Munali nsomba zamitundumitundu.

Amalume analoza nsomba yotchedwa mbuna. Inali yabuluu, yamizeremizere. "Iyi bwanji? Ya kwathu konkuno ku Malawi."

Angel anaika njere pagalasi. Mbuna inabwera. Inayasamula.

"Kukamwa n'kwakukulu," anatero Angel. "Pepani a mbuna, malo atha."

Amalume analoza nsomba ya golide. Inali yonenepa. Inkayenda ngati bwana.

Angel anaika njere pagalasi. Nsomba ya golide inabwera. Inayasamula.

"Kukamwa n'kwakukulu," anatero Angel. "Pepani bwana, malo atha."

Kenaka Angel anaona kansomba kena. Kanali kakang'ono. Mchira wake unali ngati chitenje chatsopano. Angel anaika njere pagalasi. Kukamwa kunali kwakung'ono.

"Ndakapeza!" anatero Angel.

Koma a Indira anapukusa mutu. "Ako n'kokongola, mwanangu. Koma kamathamangitsa ngakhale ana ake omwe. Ana a Tsabola sikangawasiye."

Angel anayang'ananso mchira uja. Anaukonda zedi. Zinamupweteka mumtima.

"Pepani, malo atha," anatero chapansipansi.

Amalume anali atatopa. Anakhala pachitini cha penti. "Tiye tikagule chipisi," anatero. "Nsomba zonse zili ndi kukamwa, mwana iwe."

"Tatsala ndi thanki imodzi, amalume."

Thankiyo inali pakona. Poyamba Angel sanaonemo kanthu. Anayang'anitsitsa. Anaona kansomba kotuwa. Kanali katamatirira pagalasi ndi kukamwa kwake.

Amalume anabwera. "Aka ndiye sikaoneka bwino," anatero. "Kwathu ngakhale mphaka angakadutse."

Angel anaika njere pagalasi. Kansombako sikanabwere. Sikanayasamule. Kankangonyambita galasi.

M'thankimo munalinso kashirimpi. Kanadutsa pamphuno penipeni pa kansombako. Kansomba osatembenuka n'komwe.

"Dzina lake ndi oto," a Indira anatero. "Sikasaka. Kamangonyambita ndere pagalasi ndi pamasamba. Koma sikakonda kukhala kokha. Utenge titatu."

Angel anayang'ana amalume. Amalume anapisa m'thumba.

"Mphatso yanga ikhale imeneyi," anatero.

"Ndiye mphatso zakwana ziwiri," anatero Angel. "Kamlamba kaja n'kanganso."

Atafika kunyumba, Angel sanathamangire kuthira. Anayamba wayandamitsa jumbo ya nsomba m'thanki. Anadikira kuti tinsomba tizolowere madzi. Anadikira. Anadikirabe. Kenaka anamasula jumbo.

Kamlamba kanapeza nyumba yakeyake. Kanalowa mumgolo waukulu kuseri kwa nyumba. Angel anakatcha Bangula. Bangula ankadya chilichonse. Sopo yekha Angel anamubisira.

Lachitatu mmawa amalume anamanga chikwama. Linali tsiku lobwerera kwawo. Angel anapita pathanki. Anaona Tsabola. Pansi pa mimba panalibe mazira.

"Amayi, mazira asowa," anatero Angel. Misozi inalengeza m'maso. "Kodi ndinasankha molakwa?"

Amalume anaika chikwama pansi. Anagwada pathanki. Maso a asodzi amaona patali, amaonanso pafupi.

"Taona patsamba ilo," anatero.

Angel anayang'ana. Patsamba panali kadontho. Kadonthoko kanasuntha. Kanali ndi tindevu.

"Kamwana," Angel ananong'ona.

Panali kena pamchenga. Panali kena pamwala. Amayi anapeza tiwiri pakona. Amalume anawerenga mpaka khumi ndi kamodzi.

Kenaka oto mmodzi anabwera patsamba lija. Anafika pafupi ndi kamwana. Anafika pafupi kwambiri.

Angel anagwira dzanja la amalume. Amalume anagwira dzanja la Angel. Amayi anatseka maso.

Oto ananyambita tsamba. Ananyambita uku. Ananyambita uko. Kamwana kanakwera pamsana pake. Oto anangopitiriza kunyambita.

"Neba ndi ameneyu," amalume anatero. "Unayeza bwino, Angel."

Amayi anayang'ana nthawi pafoni. "Achimwene, minibasi ikusiyani."

"Ina ibwera," amalume anayankha. Maso awo anali pathanki.

Angel anasendera pamkeka. Anagunda pambali pake ndi dzanja.

"Khalani apa, amalume," anatero. "Malo alipo."