Chimbale cha a Kansambo

A Kansambo anaimba moyo wawo wonse m'mabala ndi m'maukwati, koma anakalambira m'kachipinda kodontha, gitala ili pamsomali, beseni lili pansi kulandira mvula. Tianyamata timene anatiphunzitsa kukunga nsambo tinkawadutsa pagalimoto n'kukuwa, "Madala, mukadalipo?"

Nsanje inawafikitsa kwa sing'anga wa kuseri kwa galaja.

"Ndiyankheni kaye," anatero sing'angayo, akupaka mafuta akuda pansambo yatsopano. "N'chiyani chimene mumagawira anthu onse koma chimatsalabe ndi inu?"

"Nyimbo."

"Kuyambira lero sizidzatsala. Sonkhanitsani nyimbo zanu zonse zokoma zakale m'chimbale chimodzi, muziimbe ndi nsambo iyi. Iliyonse imene anthu aikonde idzachoka m'mutu mwanu, pamodzi ndi munthu amene munamupekera."

"Ndiye kuti afa?"

"Ine sindipha, madala. Mungomuiwala basi."

Anaseka, n'kulandira nsamboyo.

Chimbale chinatuluka, chuma chinabwera ngati madzi osefukira. Anasamukira m'nyumba ya mpanda. Yoyamba kugwira moto m'maminibasi inali nyimbo yolira mlongo wawo amene anamwalira kale. Tsiku lina anaima pachithunzi cha mlongoyo cha pakhoma. "Kodi mtsikanayu ndani?"

"Musaseweretse maliro, bambo," anatero akazi awo.

Kenaka maukwati onse anayamba kuvina nyimbo imene anafunsirira nayo akazi awo akali mbeta. M'mawa wina a Kansambo anadzuka pambali pa mayi wa imvi wosamudziwa. Anatola nsapato mwaulemu. "Pepani mayi, ndalowa nyumba yolakwika." Mayiyo analira mpaka mawu kuuma.

Anatsala ndi mwana wawo wamkazi yekha. Anathamangira kusitudiyo.

"Chotsamoni yomalizayo, yotonthoza khanda ija! Ndinapekera mwana wanga!"

Wojambula nyimbo anaseka. "Madala, utsi umabwerera m'chikuni? Ili kale m'mafoni. Azimayi akugonekera ana."

Kwa sing'anga anagwada mpaka mawondo kuchita dothi. Sing'angayo sanatukule n'komwe mutu. "Kauzeni anthu asiye kuikonda."

A Kansambo anadula nsambo ija ndi mano. Pobwerera ankangobwereza za mwana wawo ngati pemphero: "Ali ndi chipsera pachibwano. Amaseka ngati ketulo yowira. Ali ndi chipsera..." Pamphambano, mayi wogulitsa makala ankagwedeza mwana kumsana, akung'ung'udza nyimbo yomweyo mokoma kwambiri. A Kansambo anatseka makutu. Inalowabe.

Pageti, mtsikana wina anawathamangira. "Ababa, munali kuti? Takufunani ponseponse!"

Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana waulemu iwe, ndiwe wa kwa yani?"

Lero amangokhala pakhonde, kudyetsedwa ndi anthu awiri amene amawayesa antchito. Wailesi ikaika chimbale chija amaomba m'manja. "Ameneyu amaimba! Ayenera kuti anali ndi anthu ake owakonda."

Dyera ndi lotero. Limakupatsa nyumba yaikulu, n'kukulanda onse oti ukhale nawo m'menemo. Chuma cha mankhwala, anzanga, chisiyeni chipite.