Ubweya Woyamba wa Riti

Yovana anali ndi alipaka wake. Sanali wa ababa ake. Sanali wa amayi ake. Anali wakewake. Dzina lake anali Riti. Alipaka ndi chiweto cha ubweya ngati nkhosa, koma cha khosi lalitali.

Riti anali woyera mbee, ngati chipale chofewa pamwamba pa phiri la Ausangate. Ubweya wake unali wofuwofu. Yovana akalowetsamo dzanja, dzanja lonse linkasowa.

Yovana analandira Riti tsiku limene Yovanayo anametedwa tsitsi koyamba. Aliyense amene anadulako tsitsi anapereka mphatso. Azakhali ake, a Benita, anapereka kamwana ka alipaka.

Yovana ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Riti asadzametedwe.

"Ine atandimeta, makutu anga anazizidwa," ankatero Yovana. "Iwe Riti, sudzametedwa ayi."

"Mmm," ankayankha Riti.

Tsiku lina ababa anakhala pamwala. Anatulutsa singano zawo zolukira. Amayi anali oyembekezera. Kwawo kwa Yovana khanda likamabwera, bambo ake ndi amene amaluka kachipewa kake koyamba.

"Yovana, tabwera," anatero ababa. "Undibwereke tsaya lako."

Yovana anaseka. "Tsaya amabwereka, ababa?"

Ababa anatenga ulusi wakuda. Anaukhudzitsa pa tsaya la Yovana.

"Ukubaya!" anatero Yovana.

Anatenga ulusi wofiirira.

"Ukuyabwa!"

Anatenga ulusi wotuwa.

"Iii, uwunso ukubaya!"

Ababa anapumira m'mwamba. "Mutu wa khanda ndi wofewa kuposa tsaya lako. Ndipo khandali lidzabadwa nthawi ya chisanu. Popanda chipewa lidzadwala."

Kenako ababa anayang'ana Riti. Anangomuyang'ana.

Yovana anathamanga. Anakumbatira khosi la Riti.

"Ayi, ababa! Riti azizidwa!"

"Ubweya woyamba ndi umene subaya," anatero ababa. "Koma Riti ndi wako, mwana wanga. Sindingamumete iwe usanalole."

Yovana sanadye bwino tsiku limenelo. Ankaganiza za Riti. Ankaganizanso za khanda. Mtima wake unkamuwawa.

M'mawa mwake amayi anamuitana. Anamasula kansalu kakale. M'katimo munali kachipewa.

Koma abale, kachipewa kake! Kanali kakang'ono zedi. Kanali ndi mapiri. Kanali ndi mbalame. Kanali ndi nyenyezi zing'onozing'ono ngati mchenga. Yovana anangoti kukamwa yasa.

"Ndi ka chidole, amayi?"

"Ndi kako," anatero amayi. "Ababa ako anakulukira iwe usanabadwe."

Yovana anaveka kachipewako pa chibakera chake. Kanakwana ndendende.

"Ine ndinali wamng'ono chonchi?"

"Chonchi kumene. Koma kulira kokha, unkamveka kutsidya kwa mtsinje."

Yovana anakhudzitsa kachipewako pa tsaya. Sikanabaye. Sikanayabwe.

"Ubweya umenewu unachokera kuti?" anafunsa.

Amayi analoza kudambo. "Ukuwaona mayi ake a Riti? Unali ubweya wawo woyamba. Azakhali ako ndi amene analola."

Yovana anayang'ana. Mayi ake a Riti ankadya msipu. Anali ndi ubweya wambiri, mpaka m'miyendo.

"Koma ubweya ali nawo!"

"Unameranso," anatero amayi. "Nanga tsitsi lako silinamere?"

Yovana anagwira kumutu kwake. Eee, linamera!

Anapita kwa ababa pang'onopang'ono.

"Ababa, ndalola. Koma mumumete bwinobwino."

Ababa anadikira mpaka mvula itayamba. Msipu unaphuka. Mphepo inayamba kufunda. Azakhali a Benita anabwera kudzathandiza.

Ababa anatenga masamba atatu a chomera cha koka, amene amapempherera. Anayang'ana kuphiri, kumene kumakhala mzimu wotchedwa Apu. Anauzira masambawo, fuu!

"Apu, mwini ziweto zonse, tikupempha ubweya," anatero ababa.

 Phiri linali chiimire, lalikulu, loyera, lofika kumitambo. Yovana anadziona wamng'ono ngati nyerere.

Anagoneka Riti pa bulangete. Yovana anagwira mutu wake. Ababa anawerama ndi sizasi. Riti anawayang'ana, kenako pthu! Anawalavulira pamphuno penipeni.

"Asa!" anatero ababa.

Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti. "Wakupatsani moni, achimwene! Muyankheni!"

Sizasi inayamba kulira. Tcheke, tcheke, tcheke. Misozi inalengeza m'maso mwa Yovana.

"Iwe, ukulira ngati akumeta ndiwe," anatero azakhali. "Taona, mwini wake ali phee."

Tcheke, tcheke, tcheke. Ubweya unagwa. Unagwanso. Unadzaza bulangete lonse.

"Ha!" anatero Yovana. "Mtambo wagwa pansi!"

Riti anadzuka. Mayo ine, kuonda kwake! Khosi lalitali. Miyendo ngati timitengo. Alipaka anzake anabwera kudzamununkhiza. Sanamudziwe.

Madzulo a tsiku lomwelo, Yovana anali kudambo ndi ziweto. Mwadzidzidzi phiri linabisala. Kumwamba kunada bii. Mphepo inazizira.

Po! Kanthu kanagwa pa chipewa cha Yovana. Po! Po! Popopo!

Matalala!

Alipaka ena anangokhala pansi. Iwo anali ndi ubweya wawo. Koma Riti analibe. Riti ankanjenjemera, njenjenje. Miyendo yake inkagwedera.

Yovana anachita mantha kwambiri. Ankadziwa kuti alipaka wometedwa akazizidwa amatha kufa.

Anamasula nsalu yake yofunda paphewa. Anafunditsa Riti pamsana. Anamanga mfundo pakhosi. Anamukokera kuseri kwa khoma la miyala. Anamukumbatira mwamphamvu.

Matalala ankamumenya Yovana pamsana. Ankawawa. Koma iye sanasiye.

"Apu!" anafuula Yovana. "Ubweya ndapereka. Musanditengere Riti!"

Kenako anamva mapazi. Di, di, di! Anali ababa, akuthamanga. Anavula chofunda chawo chachikulu. Anafunditsa Yovana. Anafunditsanso Riti. Atatu onse anabisala pamodzi. M'katimo munali mdima, koma munali mofunda.

Popopo. Po. Po.

Zii.

Ababa anatsegula chofunda. Yovana anasuzumira kunja. Ha! Dambo lonse linali litayera mbee. Dzuwa linatuluka. Matalala onse anayamba kunyezimira. Phiri linaonekanso, lalikulu kuposa kale. Pamwamba pake panali utawaleza.



Riti anadzuka. Anagwedeza makutu. Sankanjenjemeranso.

"Mmm," anatero Riti.

"Wamupulumutsa ndiwe," anatero ababa. 

Amayi anamusokera Riti kamalaya ka bulangete lakale. Riti ankayenda nako monyada. Azakhali ankamutcha kuti bwana wa dambo.

Tsopano inafika nthawi yopota ulusi. Amayi ankapota akuyenda. Ankapota akulankhula. Kamtengo kawo kopotera kankazungulira m'mwamba, zunguli, zunguli. Ulusi wawo unali wowonda ngati wa kangaude.

Yovana nayenso anayesa. Kamtengo kanagwa. Ulusi unaduka. Anayesanso. Unadukanso. Anayesanso. Pomaliza ulusi unatuluka, koma unali wonenepa apa, wowonda apo.

"Wanga ndi woipa," anatero Yovana.

"Bweretsa," anatero ababa. "Ndili nawo ntchito."

Amayi ananyika ulusi wina mumphika wa utoto. Wina unatuluka wofiira. Wina unatuluka wobiriwira. Wina anausiya woyera.

Ababa anayamba kuluka. Ankaluka pamwala. Ankaluka poweta ziweto. Yovana ankakhala pambali pawo, maso ali pa singano.

Poyamba panalibe kanthu, mizere yokhayokha. Kenako panatuluka phiri. Kenako utawaleza. Kenako timiyendo tinayi toyera. Kenako khosi lalitali.

"Ababa! Ndi Riti!"

"Ndi iyeyo," anatero ababa. "Wondilavulira uja."

Mvula inatha. Msipu unauma. Chisanu chinafika. M'mawa madzi a mu ndowa ankauma gwa ngati mwala.

Yovana anavula Riti kamalaya kaja. Analowetsa dzanja pamsana pake. Zala zake zinasowa! Ubweya unali utameranso. Wofuwofu.

M'mawa wina azakhali anatuluka m'nyumba akumwetulira.

"Yovana, talowa. Kwabwera mlendo. Koma usaponde ngati ng'ombe."

Yovana analowa monyang'ama. Amayi anagona pa zikopa. Pambali pawo panali khanda. Linali laling'ono. Linali lofiira. Linkalira, ng'aa, ng'aa!

"Uyu ndi mlongo wako," anatero amayi. "Akumva kuzizira."

Ababa anatulutsa kachipewa. Kanali katatha. Kanali ndi phiri. Kanali ndi utawaleza. Kanali ndi Riti. Kumakutu kunalendewera tizingwe tiwiri. Tinali tonenepa apa, towonda apo.

"Ulusi wanga!" ananong'ona Yovana.

"Ubweya unali wako," anatero ababa. "Muveke ndiwe."

Yovana anayandikira. Anaveka mlongo wake kachipewako pang'onopang'ono. Kanaphimba mutu. Kanaphimba makutu. Kanakwana ndendende.

Ng'aa. Ng'a.

Khanda linatonthola.

Yovana anawerama. "Kakubaya?" anafunsa chapansipansi.

Khanda linayasamula. Linatambasula kadzanja kake. Linagwira kachingwe ka Yovana, osakasiya. Kenako linagona tulo.

Pakhomo panabwera mthunzi. Mutu woyera unasuzumira m'nyumba.

"Riti, taona," anatero Yovana. "Wavala ubweya wako."

"Mmm," anatero Riti.