Lichero Logonetsa Jafeti

Ulemu anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala kwa Mwambo, pafupi ndi nyanja ya Chilwa. Anali ndi mchimwene wake wakhanda. Dzina lake linali Jafeti. Jafeti anali ndi miyezi itatu.

Ulemu ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Jafeti azigona usiku.

Koma Jafeti ameneyu, eee! Kamwana kakang'ono, koma mawu ngati wailesi ya pagolosale. Usiku ankadzuka. Ankayamwa. Akakhuta, tulo ayi. Ankayamba kulira.

"Ng'aa! Ng'aa! Ng'aa!"

Amayi anapita naye ku sikelo. Anamwino anamuyeza. Anamuona m'maso. Anamugwira pamimba.

"Mwanayu ali bwinobwino, mayi," anatero anamwino. "Makanda amadzuka usiku kuti ayamwe. Akamakula asintha."

Koma Amayi anatopa. Ankasinza akuphika. Ankasinza akuchapa.

Ababa nawonso anatopa. Iwo anali a kabaza. Ankanyamula anthu panjinga. Tsiku lina anasinza akupalasa. Phava! Anagwera m'ngalande ya madzi a mpunga. Anafika kunyumba ali matope okhaokha.

Amayi anagwira pakamwa.

"Bambo a Ulemu, izi zafika poipa," anatero Amayi. "Loweruka ndikwera boti. Ndipita ku Chisi, kwa achemwali anga a Cecilia. Azikandilandirako mwanayu usiku. Inu mupumeko."

"Nanenso ndipita nawo?" anafunsa Ulemu.

"Ayi, mwanawe. Iwe uli ndi sukulu. Utsala ndi ababa ako."

"Mukabwera liti?"

"Jafeti akadzayamba kugona."

Ulemu anamva chisoni kwambiri. Chisi ndi chilumba. Sungapiteko wapansi. Nanga Loweruka azimuluka tsitsi ndani? Ababa? Ababa amangodziwa kupopa matayala!

Ulemu anapukuta misozi. Anayang'ana Jafeti.

"Amayi sapita," anatero. "Ndikugonetsa ine, iwe."

Lolemba usiku Jafeti anadzuka. Ulemu anamuimbira nyimbo. Anaimba ya kusukulu. Anaimba ya kutchalitchi. Jafeti anamvetsera pang'ono.

"Ng'aa! Ng'aa! Ng'aa!"

Lachiwiri Ulemu anaganiza zina.

"Likumusokoneza ndi phokoso," anatero. "Lero tonse chete. Ababa, osatsokomola."

"Chabwino, a hedi," anatero Ababa.

Ulemu anaima pakhomo. Anauza galu kuti chete. Anauza achule kuti chete. M'nyumba munangoti zii.

Mukuganiza kuti Jafeti anagona? Ayi ndithu. Analira kuposa dzulo.

"Ng'aa! Ng'aa! Ng'aa!"

Lachitatu Amayi anamanga katundu m'chitenje. Anaikamo matewera. Anaikamo sopo. Anaikamonso chipeso. Ulemu sanafune n'kuyang'anako komwe.

Lachinayi Ulemu anaweruka kusukulu. Anapeza Amayi pakhonde. Ankapeta mpunga m'lichero. Jafeti anali pamkeka pambali pawo. Ankaponya timiyendo. Ankalira pang'onopang'ono.

Mpunga unkalira m'lichero.

Sha, sha, sha. Sha, sha, sha.

Jafeti anasiya kulira. Anayasamula. Anatseka maso.

Amayi anaima kuti awonjezere mpunga. Jafeti anatsegula maso.

"Ng'aa!"

Amayi anayambanso kupeta.

Sha, sha, sha. Sha, sha, sha.

Jafeti anatsekanso maso.

Ulemu anaponya chikwama pansi.

"Amayi, tasiyani kaye!"

Amayi anasiya. Jafeti anatsegula maso.

"Petaninso!"

Amayi anapeta. Jafeti anatseka maso.

"Mwaona?" anatero Ulemu. "Jafeti safuna chete. Amafuna sha, sha, sha!"

Amayi anadabwa. Anayang'ana mwana. Anayang'ana lichero.

"Koma zoona," anatero. "Ali m'mimba ndinkapeta tsiku ndi tsiku. Kaya anazolowera?"

"Usiku tipete, Amayi."

"Iii, mwana iwe! Unaona kuti munthu akupeta usiku? Anthu atiseka."

"Atiseke," anatero Ulemu. "Bola inu musapite."

Amayi anangomusisita kumutu.

Madzulo Ulemu analowetsa lichero m'nyumba. Anathiramo mpunga wodzaza manja awiri. Analiika pafupi ndi mphasa yake.

Usiku Jafeti anadzuka. Anayamwa. Anakhuta. Amayi anamugoneka chagada m'neti.

"Ng'aa! Ng'aa!"

Ulemu anatenga lichero. Anaponya mpunga m'mwamba. Waa! Mpunga unamwazika. Wina unagwera Ababa kumaso.

"Mvula kodi?" anafunsa Ababa.

Ulemu sanagwe mphwayi. Anatola mpunga uja. Tsopano sanauponyenso. Ankangogwedeza lichero pang'onopang'ono.

Sha, sha, sha. Sha, sha, sha.

Jafeti anasiya kulira. Anayasamula. Anatseka maso.

Sha, sha, sha.

Jafeti anagona. Anagonadi!

Ababa anadzuka mwakachetechete.

"Bweretsa lichero," ananong'ona. "Iwe kagone. Mawa kuli sukulu. Akadzukanso ndipeta ine."

"Inu, Ababa? Kupeta?"

"Eya. Koma usakauze anzanga a kabaza."

Ulemu anaseka atatseka pakamwa. Anawagwira manja Ababa. Anawaphunzitsa.

"Osaponya. Pang'onopang'ono. Chonchi."

Jafeti anadzukanso kamodzi. Anayamwa. Ababa anagwedeza lichero. Jafeti anagona.

Lachisanu usiku zinali chimodzimodzi. Jafeti anadzuka kawiri. Anayamwa kawiri. Ababa anagwedeza lichero kawiri. Jafeti anagona. Amayi anagona. Ababa anagona mpaka kuliza mkonono.

Loweruka linafika.

Ulemu anadzuka m'mamawa. Katundu uja anali pakhomo. Ulemu anachita mantha.

Amayi anatuluka m'nyumba. Maso awo sanali ofiira. Ananyamula katundu uja. Anakhala naye pakhonde. Anayamba kumasula mfundo.

Anatulutsa matewera. Anatulutsa sopo. Anatulutsa chipeso.

"Ulemu, bwera ukhale apa," anatero Amayi. "Tsitsili lafika poti mbalame zingamangemo chisa."

Ulemu sanasunthe.

"Amayi, boti likusiyani."

"Lindisiye," anatero Amayi. "A Cecilia ndawaimbira foni. Ndawauza kuti ndapeza wondithandiza konkuno."

Ulemu analumpha. Anavina. Anathamanga kuzungulira nyumba. Kenako anakhala pansi, pakati pa miyendo ya Amayi. Anasangalala kwambiri.

Amayi anayamba kuluka. Ababa anabwera ndi Jafeti. Anabweranso ndi lichero lawo.

"Ndikufuna ndizolowere," anatero Ababa.

Sha, sha, sha. Sha, sha, sha.

Jafeti anali maso. Ankamwetulira. Ankaponya timiyendo.

Sha, sha, sha.

Amayi anaona mutu wa Ulemu ukulemera. Unatsamira pabondo pawo.

"Taonani, bambo a Ulemu," ananong'ona Amayi. "Mwagonetsa wamkuluyu."

Ababa anafuna kusiya.

"Ayi, musasiye," anatero Amayi. "Mwanayu watopa. Agoneko nayenso."

Ababa anapitiriza kugwedeza lichero. Amayi anapitiriza kuluka. Ulemu anagona pamwendo pa amayi ake.

Sha, sha, sha.